Ababa aimba mluzu lero

Moni nonse pabanja.

Tangobwera kumene kuchipatala kuno ku Kadoma, komwe Ababa akuphunzira masewera olimbitsa chifuwa aja. Mukudziwa kuti chiwawonongereni mapapo fumbi la mumgodi, ngakhale popita kubafa amaima panjira kuti apeze mpweya.

Lero anesi anawayendetsa pang'ono m'khonde, kenako anawakhazika pampando n'kunena mowalemekeza ngati agogo kuti, "Sekuru, kokani mpweya ndi mphuno, muutulutsire pakamwa mosathamanga, milomo mutaisongola ngati mukuimba mluzu."

Ababa anaseka. "Mwanawe, mluzu ukuphunzitsa ine?"

Abale anga, unatulukadi! Wofooka, wodukaduka, koma ndi womwe uja. Achemwali, mukukumbuka kukomboni ku Chegutu? Tikangoumva kumsewu tinkadziwa kuti aweruka, n'kuthamangira njinga yawo, uku Amayi akukalipa kuti sadza likuzizira. Nditaumvanso lero kuchipatalako, ine ndinangotembenukira kukhoma kuti asaone misozi. Ababa anakhosomola kwambiri pambuyo pake, koma potuluka anakana kuti ndiwagwire dzanja.

Tsono nkhani ndi iyi. Achimwene akufuna kuwatengera kufamu ku Selous kuti akapume. Anesi akuti mapapowo sadzabwereranso mwakale, koma akasiya masewerawa, kamphamvu kabwera aka kathanso. Nditawafunsa eni ake, andiyankha kuti, "Kupuma kwa pamphasa ndatopa nako. Ndikufuna ndizipuma ndili chilili."

Achimwene, ndikudziwa kuti ndi chikondi, sindikukutsutsani ayi. Koma nonsenu mukuti bwanji? Tiwasunthe, kapena akhale nane kuno mpaka amalize masewerawa?