Wakuba ng'ombe amene anabatizidwa pakhomo panga

Ine ndi akazi anga tinakwatirana tisanagwirizane za kumwamba. Iwo anakulira pamishoni ku Nambuma, ndipo amakhulupirira kuti Mulungu amaitana, munthu n'kuvomera kapena kukana. Ine mpingo wanga unandiphunzitsa kuti opulumuka anasankhidwa kale dziko lisanalengedwe, ndipo palibe angawonjezepo dzina kapena kufufutapo. Ndinafika pokhala mkulu wa mpingo, ndiye mukudziwa kuti mkulu wa mpingo sagonja kwa mkazi wake pa nkhani ya Baibulo. Tinkatsutsana tikusankha fodya m'chigafa mpaka ana kutithawa.

Chaka china mvula itangosiya, mbava zinatisowetsa mtendere kuno ku Kabudula. M'mawa wina ndinapeza khola lili chitsegukire, ng'ombe imodzi mwa ziwiri zokoka ngolo palibe. Ine ndi amuna anzanga tinalondola mapazi mpaka kudambo. Tinamupeza wakubayo akulimbana nayo m'matope, itakana kuwoloka, anzake atathawa. Paja tsiku lakufa nyani mitengo imaterera.

Sindinama, woyamba kumenya ndinali ine. Ndinamugwetsa ndi mpini wa khasu pamsana, n'kumubwereza m'nthiti. Tinamukokera kumudzi tili titamumanga ndi chingwe chomwe anamangira ng'ombe yanga. Pofika pakhomo panga anthu anali atadzaza, wina chibonga, wina chidutswa cha njerwa. Mkono wa wakubayo unathyoka ine ndikumva. Wina anamutema khutu ndi chikwanje, magazi n'kufika pa malaya anga. Anali mlendo, wamsinkhu wa mng'ono wanga, ndipo palibe anamufunsa dzina. Ine ndinkamva kukoma, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Manja atatopa tinamusiya pafupi ndi nkhokwe, akupuma mobanika. Akazi anga anadutsa pakati pa anthu n'kuima patsogolo panga.

"Abambo, mangani ngolo. Munthuyu akafike kuchipatala."

"Ndimunyamule ndi ng'ombe imene amaba yomweyo?"

"Yomweyo."

Ndinawayankha ndi mawu anga a paguwa, mokweza kuti onse amve. "Masiku a munthu anawerengedwa kale. Ngati Mulungu analemba kuti akhale ndi moyo, akhala nawo. Ngati sanalembe, ngolo siisintha kanthu." Amuna anagwedeza mitu kuvomereza, ngakhale ena amene pakhomo pa tchalitchi sanapondepo.

"Ndikupemphaninso, abambo, mangani ngolo," anatero akazi anga, ulendo uno motsitsa.

Ndinati ayi.

Sananditukwane. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya madzi. Kumishoni kwawoko anawaphunzitsa kuti munthu akamafa wansembe kulibe, mkhristu aliyense angathe kumubatiza, bola mwiniwakeyo afune. Anagwada pa dothi lamagazi lija, chitenje chonse kudetsedwa.

"Achimwene, kodi munabatizidwa?" anamufunsa.

Munthuyo anapukusa mutu pang'ono.

"Nanga mukufuna?"

Asanayankhe, mwamuna wina anaponya njerwa. "Mukufuna kukweza mbava kumwamba, eti?" Njerwayo inawapeza akazi anga paphewa, kapu n'kugwa, madzi onse kutayika. Apa ndiye ndinapsa mtima, ndinamugwira pakhosi woponyayo mpaka anzanga kutileretsa. Koma ndinapsera mtima phewa la akazi anga, osati munthu amene ankafa uja.

Iwo anadzuka, anakatunganso madzi ndi mkono umodzi, n'kugwadanso pomwepo. Anafunsa kachiwiri ngati akufuna. Ndi milomo yake yotupa, munthuyo anati, "Eya." Tonse tinamva. Anamuthira madzi pamphumi katatu, m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, madzi akutsika ofiira.

Munthuyo anamwalira dzuwa lili paliwombo. Apolisi atabwera, mudzi wonse unali utasanduka akhungu, ndipo ine ndinali nditasintha kale malaya.

Patapita masiku, ine ndi akazi anga tikukolola chimanga awiriwiri, ndinayesa kukonza mtima wanga ndi mtsutso wathu wakale. "Ngati munthu uja anapulumuka," ndinatero, "n'chifukwa choti Mulungu anamusankha, osati kapu yanu ija."

Anapitiriza kusenda chimanga ndi mkono wawo wabwino. "Mwina mukunena zoona. Za iye ndasiyira Mwiniwake. Koma iye nditamufunsa anavomera. Inu ndinakufunsani kawiri za ngolo."

Chiphunzitso changa sindinachisiye, ndipo ndimachiphunzitsabe. Ndimakhulupirira kuti Mulungu ankalidziwa tsiku limenelo lisanafike. Koma goli linali pakhonde, ng'ombe zonse ziwiri zinali m'khola, msewu unali wouma, ndipo amene anati ayi ndinali ine.