Nsomba ya m'manda a malume

Abale, mwadzuka bwanji nonse.

M'mawa uno pokumba manda a malume kumtunda kuja, khasu lagunda mwala n'kuuswa pakati. M'kati mwake muli nsomba yathunthu, mutu, minga, mchira, koma zonse ndi mwala. Adzukulu angotuluka m'dzenje.

Paja ine ndimakonda kutola miyala. Mwalawo ndauika m'thumba. Aphunzitsi a Mhone auyang'ana pamaliro pompano, akuti nsombayi inafa kalekale madzi akufika kuphiri kuno, koma mtundu wake sakuudziwa.

Amayi akalipa. Akuti cha kumanda sichilowa m'nyumba, ndipo poti malume inawatenga ndi nyanja, nsombayo inkadikira iwowo.

Ndausiya pakhonde, galu akukana kukwerapo. Ndikaubweze m'dzenje tisanaike maliro masana ano?