Dzanja la a Jairus Mwanza

A Jairus Mwanza anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya pansi pa mgodi ku Kitwe. Makina obowolera mwala anawasiyira dzanja lonjenjemera, ndipo ntchito itawathera anaphunzira kuzokota mkuwa pafupi ndi msika wa Chisokone. Ankamata phula pa mkuwa ponse, n'kukanda zilembo ndi singano, kenako n'kuthira asidi kuti adye pokandidwapo pokha. Asanakhudze chinthu cha mwini, ankayamba ayesa pa kachidutswa.

Chaka cha ufulu anthu ankalimbirana mbale zolembedwa dzina la dziko latsopano, ndipo ana a Jairus ankapita kusukulu atavala nsapato. Koma dzanja linkangoipiraipira. Pofika 1969 singano inkaterereka, phula n'kung'ambika, asidi n'kulowerera posayenera. Ambiri anasiya kubwera.

Tsiku lina kunafika mayi Philomena a ku Mindolo, amene amuna awo, a Ackson, anatsalira pansi mwala utagumuka. Mtembo sunapezeke. Anatulutsa kabokosi ka mkuwa kosungiramo fodya kamene malemuwo anaiwala kunyumba m'mawa umenewo, napempha kuti alembepo dzina, ana azikhala ndi poyang'ana. A Jairus anafuna kukana, koma anangolandira.

Anatengera kabokosiko kunyumba. Anayesa pa kachidutswa, zilembo zinatuluka zokhotakhota. Anamanga dzanja ndi nsalu, analitsamiritsa pa njerwa, analiviika m'madzi ofunda, koma ayi ndithu. Zidutswa zitatha, anayesa pa chivundikiro cha ketulo, nachonso chinawonongeka. Anakhala pakhonde atapanira dzanjalo pakati pa mawondo, misozi ili chuchuchu.

Akazi awo, a Mainess, anali asanapiteko kusukulu, koma ankasoka maluwa pa nsalu za amayi a ku mpingo.

"Bambo a Lily, ndipatseni singanoyo. Inu mundionetse maonekedwe ake basi."

A Jairus anakana, ati asidi si wa akazi. A Mainess anangotambasula dzanja mpaka anawapatsa. Anayesa kunsi kwa ketulo yomweyo, akutengera zilembo za m'buku la nyimbo zimene amuna awo ankaloza. Kachiwiri zinaongoka. Pamenepo a Jairus anasungunula phula, namata kabokosi konse mpaka m'mahinjesi, n'kutembenukira kukhoma pamene akazi awo ankakanda.

Atathira asidi n'kuchotsa phula, dzina linaoneka bwinobwino, kupatula S amene anapendekeka pang'ono. Mayi Philomena analisisita ndi chala, nathokoza a Jairus kuti manja awo ndi odala.

"Si anga, amayi. Ndi a amake Lily," anatero, maso ali pansi.

Kuyambira pamenepo a Mainess ankakhala pa benchi ku Chisokone, a Jairus akumata phula ndi kusakaniza asidi. Amuna anzawo ankawaseka, ndipo ena, akaona mkazi atagwira singano, ankabwerera ndi mbale zawo. Patapita zaka zingapo ngakhale botolo la asidi linayamba kuwapulumuka a Jairus, ndipo a Mainess anatenganso ntchito imeneyo.