Kusaka Netiweki ya Chinkhoswe M'minda ya Tiyi

Tinanyamuka pa Bvumbwe mame asanakamuke, ine ndi Fanuelo, mnyamata amene akufuna kukwatira Esinati, mwana wa mkulu wanga. Ulendo wake unali wosaka netiweki. Achimwene athu a Lupiya, eni mbumba, ali ku Joni, ndipo ananenetsa kuti chinkhoswe sichichitika mpaka amuone mkamwiniyo pa vidiyo ali pamudzi pathu ku Khwethemule. Mawu okha anawakana, ati ngakhale wakuba amatha kupereka moni.

Mu minibasi anatipanikiza anayianayi, ine pakati pa thumba la kabichi ndi bambo wina wofungatira batire ya galimoto. Fanuelo ankangodina pulogalamu yoyezera liwiro la intaneti. Kamuvi kake kamayendayenda ngati ka sikelo, kenako n'kutulutsa nambala. Nambala ikakula, mwana wa eni ake ankamwetulira ngati amupatsa kale mkazi. Bambo wa batire uja anatilangiza kuti foni imagwira bwino ukayamba waipukuta pamalaya. Fanuelo anaseka, koma ndinamuona akupukuta mobisa.

Pa boma la Thyolo tinadya nthochi ndi chimanga chootcha, kenako tinakwera njinga zamoto. Akabaza ataona jekete la Fanuelo, mtengo unakwera pomwepo, ati tavala ngati anthu a bungwe. Msewu wofiira uja unatigwedeza mpaka chimanga chija chinasowa pokhala, uku tiyi ali biriwiri mbali zonse mpaka kuphiri.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Pakhonde pa mkulu wanga, pulogalamu ija inaonetsa nambala yonenepa. Tinayesa kuimbira Esinati, yemwe anali kuntchito ku Limbe, koma nkhope yake inangouma kukamwa kuli yasa, mawu akubwera odukaduka. Chodabwitsa, timavidiyo ta anthu ovina tinkatseguka bwinobwino pa foni yomweyo. Fanuelo anati zikuoneka kuti kampani ya foni imatsegulira zina chipata, zina n'kuziimika panja, ndipo mwina choyezeracho chimadutsa ngati mlendo wolemekezeka. Ndinamvetsa msanga, chifukwa msewu wa ku esiteti nawonso amaupala alendo akamabwera. Zinandikwiyitsa zedi. Bandulo ndagula ine, wina azindisankhira zoonera?

Tinaisiya pulogalamuyo n'kuyamba kuyeza mwathumwathu. Tinauza Esinati kuti aziimba nyimbo ya kwaya pa vidiyo, ife tizingoyenda. Nyimbo ikaduka, malowo talephera nawo. Kukhitchini inaduka pa mzere woyamba. Kukhola la mbuzi inafika pa kolasi, koma chinkhoswe sachitira kukhola. Tinawoloka kamsewu n'kulowa m'munda wa tiyi, Fanuelo foni ili m'mwamba, ine m'mbuyo, Esinati akuimba mawu atasasa.

Amayi othyola tiyi, madengu kumsana, anasiya ntchito n'kumationerera. Mmodzi anatilozera chulu chachikulu m'mphepete mwa munda.

"Kwerani apo, amayi. Ifenso amuna athu a ku Joni timawakalipira pomwepo."

Pachulupo nyimbo inatha yonse mpaka ameni. Tinati tisachedwe, tiimbire achimwene mphepo isanasinthe. Nkhope yawo itangotulukira, Fanuelo anagwada pansi mwaulemu, foni n'kutsika naye mpaka kumunsi kwa tiyi, netiweki n'kuthawa. Anaimirira, anaimbanso, achimwene anati "Eya," iye gwadu, foni zii. Zinachitika mobwerezabwereza mpaka amayi a madengu aja anakhala pansi ndi kuseka.

Kenako panalowa uthenga wamawu. Achimwene anati mnyamata wodula foni akulu akulankhula, pamudzi pawo ayi. Mtima wanga unagwa, chifukwa munthu ameneyu akanena wanena, ndipo Esinati akanalira chaka chonse. Ndinamuuza Fanuelo kuti angolankhula ataimirira.

"Mayi, miyendo ikukana," anayankha thukuta lili kamukamu. "Ndingaime bwanji pamaso pa amalume?"

Ndinamulanda foni, ndinamanga chitenje, n'kukwera pamsonga penipeni pa chulu. Ndinakweza mkono, foni itayang'ana pansi, iye atagwada kumunsi. Ndinafotokozera achimwene chomwe chinkadula foni, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Cha mkamwini wawo anaonapo ndi pamutu ndi mapewa a jekete basi, koma anamufunsa za kwawo ndi za ntchito, n'kunena kuti chinkhoswe chichitike. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti netiweki suyeza ndi nambala, umayeza ndi chimene waifunira.

Tisanadule, anandipempha kuti nditembenuze foni aone mbali inayo. Ndinailoza kumunda, kwa amayi aja atayambanso kuthyola, ndi kuphiri. Nkhope ya achimwene inangoti duu. Ndinayamba kugwedeza foni, ndikutukwana kampani mumtima.

"Usagwedeze, mlongo wanga, siinaime," anatero ndi mawu otsika. "Ndikuona kwathu."

Mkono unkawawa, nyerere zikundikwera m'miyendo, koma sindinautsitse.