Ndinakana Kusiya Choko Chifukwa cha Chibwibwi

Chizindikiro choyamba ndinachiona Lolemba lina m'mawa, ndikuitana maina a ana m'kalasi langa la Sitandade 4. Nditafika pa dzina la mtsikana wina, Patuma, milomo yanga inatsekeka. Dzinalo ndimalidziwa, m'mutu limamveka bwinobwino, koma pakamwa limakana kutuluka. Nditakakamiza linatuluka lodukaduka: "Pa-pa-pa-patuma." Ana anayang'anana. Ine ndinakhosomola ngati ndatsamwa, n'kupitiriza.

Munali m'mwezi wa Malichi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinali ndi zaka 34, mayi wa ana atatu, ndipo ndinali nditaphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Benga. Milungu isanu m'mbuyomo ndinali nditadwala malungo aakulu. Ndinakomoka ndikupalira mpunga kudambo, ndipo amuna anga, bambo a Lusiya, anathamangira nane kuchipatala cha ku boma. Ndinagonako masiku asanu ndi anayi, awiri oyambawo osadziwa kanthu. Potuluka ndinali wofooka, koma ndimayankhula. Ndiye za Lolembazo ndinangoti n'kutopa.

Sikunali kutopa. Pofika mwezi wa Meyi mawu oyamba ndi p, b, m ndi k ankandikanirira tsiku ndi tsiku. Nsagwada zimauma, maso n'kumaphethira okha, mpweya n'kuthera pakhosi mawu asanatuluke. Zimanyanya ndikatopa kapena ndikaima pamaso pa akuluakulu. Ndinayamba kuzemba mawu ovutawo. M'malo moti "bwerani" ndimati "fikani". Mwana wa dzina lovuta ndimangomuloza ndi chala. Kugolosale ndinasiya kupitako. Chodabwitsa chinali chakuti poimba, kaya kutchalitchi kaya ndi amayi anzanga, liwu silimakodwa ngakhale limodzi.

Ena ankati ndalodzedwa ndi wina wosilira ntchito yanga. Ena ankati zidzatha zokha thupi likabwerera. Ine ndinasankha kukhulupirira achiwiriwa chifukwa ndimachita manyazi kukaima pa mzere wa odwala ndilibe bala, thupi silikutentha. Ndinataya miyezi inayi motero, ndipo ndimanong'oneza bondo mpaka lero.

Mu Ogasiti kusukulu kwathu kunabwera alendo a chipani ochokera ku boma. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo alendo otere akabwera sukulu yonse imaima. Ine ndinali mphunzitsi wamkazi ndekha, komanso ndine ndimatsogolera nyimbo za amayi, choncho anandipatsa ntchito yolandira alendowo ndi mawu. Ndinapempha ahedi athu, a Mwale, kuti asankhe wina. Iwo anati pulogalamu yatumizidwa kale ndipo dzina langa lili pamenepo.

Nyimbo zinayenda bwino. Kenaka ndinaima kutsogolo ndi pepala langa. Mzere woyamba unali wothokoza Pulezidenti, monga mwa mwambo. Milomo inatsekeka pa liwu lomwelo. Ndinakakamiza, ndipo chomwe chinatuluka chinali "Pu-pu-pu-pu". Ana a Sitandade 1 anaphulika n'kuseka, ena akuluakulu n'kubisa nkhope. Ndinamaliza pepalalo alendo atangoti ndwii.

Madzulo ake tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu, a Kaphale, anandiitanitsa mu ofesi ya ahedi.

"Mayi," anatero, "poimba paja lilime lanu limathamanga bwinobwino, tonse tamva. Ndiye likudwalira pa dzina lokhali? Mwasewera ndi dzina losaseweretsa."

Amene anakhalako nthawi imeneyo akudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa izi, ndipo abale awo sankafunsa komwe apita. A Kaphale atatuluka, a Mwale anatseka chitseko n'kundilangiza motsitsa mawu kuti ndilembe kalata yosiya ntchito, ndipite kwathu ku Dwambazi mpaka nkhaniyo itaiwalika. Amandifunira zabwino, sindikukana. Koma ndinaona kuti kalata imeneyo ikhala ngati ndavomera kuti ndinanyoza dala. Ndinawayankha kuti sindilemba. Zinanditengera nthawi kutulutsa mawu ochepawo, koma ndinawatulutsa. Ndinapempha mwezi umodzi kuti ndikabwere ndi umboni wa kuchipatala, ndipo komiti ya sukulu inalola monyinyirika.

Bambo a Lusiya anachita mantha, koma sananditsutse. Anangoti, "Ngati mwatsimikiza, anawa ndiwaona ine. Pitani."

Kuchipatala cha ku boma ndinafika m'mawa, n'kuonana ndi adokotala dzuwa litapendeka. Anandiyeza magazi, malungo sanapezeke. Anandiyang'ana kukhosi ndi m'makutu, osapeza kanthu. Anandiuza mosabisa kuti iwo alibe munthu wodziwa za kayankhulidwe, koma anamva kuti kuchipatala chachikulu ku Lilongwe kwabwera mayi wina wochokera kunja amene anaphunzira zimenezi. Anandilembera kalata. Ulendo wa basi wodzera ku Salima unatenga tsiku lathunthu. Ndinafikira kwa msuweni wanga, ndipo ndinadikira masiku asanu chifukwa mayiyo ankaona odwala atsopano Lachinayi lokha.

Lachinayi limenelo pabenchi tinalipo asanu ndi mmodzi. Ambiri anali achikulire amene anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka. Ine ndinalowa wachinayi. M'chipindamo munali tebulo, mipando itatu ndi wailesi ya kaseti. Mayiyo Chichewa ankangochidziwa cha moni, choncho ankagwira ntchito ndi namwino wina wachikulire, a Nachisale, amene ankamasulira ndi kulemba.

Kuyezako kunatenga pafupifupi maola awiri, ndipo jakisoni panalibe. Anayamba ndi mafunso. Vutoli linayamba liti? Linabwera pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi? Ndili mwana ndinkachitako chibwibwi? Pamtundu pathu alipo wachibwibwi? Ndinakumbuka kuti amalume anga ena anali nacho, koma ine ndinali ndisanakodwepo chibadwire. Anafunsa za malungo aja, masiku omwe ndinakomoka, ngati ndinagwapo n'kumenyetsa mutu, ndiponso mankhwala omwe ndimamwa. Kenaka dokotala wina analowa n'kundiyeza kuthamanga kwa magazi, mphamvu za manja ndi miyendo, n'kundiuza kuti nditulutse lilime, ndiliyendetse uku ndi uku, ndifufumitse masaya, ndimeze madzi iye akuyang'ana.

Dokotalayo atamaliza, mayi uja anayatsa kaseti ija. Anandipatsa ndime yoti ndiwerenge m'Chichewa, ina m'Chingerezi. A Nachisale anali ndi pepala la ndime yomweyo, ndipo paliponse pomwe ndakodwa ankaikapo kachizindikiro: kena ndikabwereza chiyambi cha liwu, kena ndikalikoka, kena mawu akatsekekeratu. Anandionetsa zithunzi kuti nditchule maina ake, bwato, khasu, mbuzi, poto. Anandiuza kuti ndifotokoze mmene timalimira mpunga kwathu, iwo akuyang'ana nkhope yanga ndi mapewa. Anandiwerengetsa ndime ija kachiwiri ndi kachitatu kuti aone ngati kukodwako kukuchepa. Kenaka a Nachisale anawerenga nane pamodzi, mawu athu akuyendera limodzi, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndangokodwa kamodzi.

Pomaliza anandipempha kuti ndiimbe. Apa ndinakana. Ndinaganiza kuti nawonso akufuna kundigwira bodza. Ndinawafotokozera zonse za ku Benga, ndipo ndinaona a Nachisale akusankha bwino mawu pomasulira, maso ali kuchitseko. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Imbani, mayi," anatero. "Anthu ambiri achibwibwi poimba sakodwa. Kuimba ndi kuyankhula siziyenda njira imodzi m'mutu. Mukaimba bwino, ife tilemba kuti ndi mmene matendawa amakhalira."

Ndinaimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, misozi ikutsika. Miyezi yonseyo palibe amene anali atandiuzako zimenezi.

Anabweza kaseti kuti ndidzimvere ndekha. Zinali zowawa, koma ndinamva chinthu chomwe sindimachidziwa: nthawi yambiri imathera pa kulimbana kwanga ndi liwulo, osati pa liwu lenilenilo. Mayiyo ananena kuti n'kutheka kuti malungo aja anakhudza mbali ya ubongo yoyendetsa mawu, ngakhale sakanatha kutsimikiza, ndipo mantha anadzawonjezera pamwamba. Anati nzeru zanga zili bwinobwino, lilime lilibe chilema, ndipo piritsi la chibwibwi kulibe. Sanandilonjeze kuti chidzatheratu. Anandifunsa chomwe ndikufuna kwenikweni, ndipo ndinati ndikufuna kubwerera m'kalasi.

Ndinakhala ku Lilongwe milungu iwiri, ndikupita kuchipatalako katatu pa mlungu. Anandiphunzitsa kuyamba liwu mofewa, milomo ikungokhudzana osakanikizana, mpweya uyambe kutuluka liwu lisanabwere. Anandiphunzitsa kuti ndikakodwa ndisakankhe, ndiime, ndimasule nsagwada, ndiyambenso pang'onopang'ono. Chovuta kwambiri chinali lamulo loti ndisiye kuzemba mawu ndiponso ndisagwetse maso. A Nachisale ankandituma kukafunsa njira kwa anthu osawadziwa m'makhonde a chipatala, iwo ataima chapatali. Tsiku lomaliza anandipatsa kalata yofotokoza za matenda anga, ndipo ndinapempha kuti ailembenso m'Chichewa kuti aliyense kwathu aimve.

Komiti inakumana Loweruka m'kalasi langa lomwe. Panali a Mwale, a Kaphale, makolo asanu ndi achinyamata awiri a chipani ataima pakhomo. A Kaphale anati ndipereke kalatayo kwa ahedi kuti awerenge, tisachedwe.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Kalatayi ikunena za pakamwa panga. Ndiwerenga ndekha, ndipo mudikira."

Ndinawerenga. Ndinakodwa kangapo, koma nthawi iliyonse ndimaima, n'kuyambanso mofewa, maso anga ali pa iwo. Nditamaliza ndinatulutsa pepala lija la tsiku la alendo. Ndinawauza kuti ndiwerenganso mzere woyamba, ndipo aliyense amene aseke adziwe kuti tsopano akudziwa za matenda anga, choncho amene akuseweretsa dzinalo akhala iyeyo. Liwu lija linandigwiranso. Ndinakhala chete mpaka nsagwada zitamasuka, kenaka ndinalitulutsa lonse lathunthu. Palibe amene anaseka.

A Kaphale anatenga kalatayo, n'kuyang'anitsitsa chidindo chake nthawi yaitali. Sanapepese. Anangoti nkhaniyo aisiyira pomwepo, koma pa misonkhano ya chipani ndisamayankhulenso, ndizingoimba. Zimenezo sizinandipweteke ngakhale pang'ono. Lolemba ndinalowa m'kalasi n'kuuza ana anga kuti aphunzitsi awo ali ndi chibwibwi, ndipo ndikakodwa azidikira, asamandimalizire mawu. Anazolowera msanga kuposa akuluakulu.

Kuchira kunali kwapang'onopang'ono. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndimawerenga mokweza tsamba limodzi. Ku Lilongwe ndinabwererako kawiri, ndipo ulendo wachiwiri tizizindikiro pa pepala la a Nachisale tinali titachepa kwambiri. Patatha chaka ndimatha kuphunzitsa tsiku lonse n'kukodwa mwa apo ndi apo. Ndinaphunzitsa zaka zina zambiri mpaka ndinapuma pa ntchito nthawi yake itakwana, osati pothamangitsidwa.

Lero ndine wokalamba. Mawondo ndiwo amandivuta, koma thupi lonse lili bwino. Chibwibwi sichinatheretu. Ndikatopa kapena ndikamayankhula pa foni chimabwerako, ndipo amene ndikuyankhula naye amadikira, chifukwa sindipepesa.

Kwa inu amene mawu ayamba kukukanirirani muli wamkulu kale, makamaka pambuyo pa matenda kapena kuvulala m'mutu, musadikire miyezi inayi ngati ine. Pitani kuchipatala mlungu womwewo, ndipo ngati zabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kufooka kwa dzanja kapena kupotoka kwa pakamwa, pitani tsiku lomwelo. Ngati pomwe mwapitapo palibe wodziwa za kayankhulidwe, pemphani kalata yokutumizani kwina. Ngakhale inu amene mwakhala ndi chibwibwi kuyambira ubwana, kukayezetsa sikunachedwe. Ndipo wina akakuuzani kuti mukhale chete kuti zinthu ziyende msanga, musavomere. Yankhulani, adikire.