Kachigayo ka khofi wa abambo

Abambo anga anayamba kulima khofi ine ndisanabadwe, koma kumwa ayi, sankamwa. Iwo ndi a tiyi, tiyi wa shuga wothira mosaumira. Munda wawo unali kuseri kwa nyumba, kuphiri ku Ntchisi, pamene nthaka imatsetsereka mpaka kukafika kumtsinje. Ife ana tinakulira mmenemo, kuthyola zipatso zofiira m'nyengo yozizira, zala zitauma gwaa. Zitini zikadzadza ankazisenza kupita nazo ku bungwe la alimi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kamodzi kokha malemu amayi anayesera. Anakazinga njere m'phale mpaka zinada bii, n'kuzisinja mumtondo wa nsinjiro. Abambo analawa, n'kulavulira pabwalo, n'kunena kuti azungu ali ndi mavuto awo. Sanalawenso.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Mponela. Nthawi ina anatitumiza ku maphunziro ku Lilongwe, ndipo pa nthawi yopuma ndinafika pathebulo tiyi atatha. Ndinatenga khofi chifukwa cha njala basi. Bambo amene ankatithirirayo, poona kuti ndakhala chete ndi kapu m'manja, anandiuza kuti khofiyo ndi wa kumapiri a ku Ntchisi. Ndinati, mukuti bwanji? Anabwereza. Abale inu, ndinamva manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi. Chinthu chokoma chonchi, chafungo chonchi, tinkachisenza pamutu ubwana wathu wonse osadziwa n'komwe! Ndinamupanikiza bamboyo ndi mafunso mpaka belu linalira. Anati kukazinga ndingaphunzire, koma chovuta ndi kupera. Njere zikatuluka zina fumbi zina zibenthu, fumbilo limawawa, zibenthuzo sizitulutsa kanthu, ndiye munthu umamwa madzi owawa.

Nditabwerera ndinapempha abambo kuti andisungireko njere pang'ono. Anandiseka, koma anatumiza kathumba. Kanakhala pamwamba pa kabati miyezi, ine ndikuti ndikapeza mpata.

Ndiye chilimwe chathachi achimwene, amene amalima ndi abambo pakhomopo, anandiimbira foni. Titatha za moni anati khofi uja akumuzula. Mitengo yakalamba, abambo nawonso akalamba, kuthyola kumafuna manja ambiri, ndipo soya ndi amene akudyetsa anthu masiku ano. Abambo avomera kale.

Ndinakuwa mpaka ana a m'kalasi yoyandikana anasuzumira pawindo. Ndinati, achimwene, mitengo imene inatilipirira sukulu mukuiona ngati tchire? Iwo anangoti, "Mlongo, inu mumadya za malipiro. Ife timadya za khasu." 

Koma abambo ndimawadziwa. Pakati pa munda wawo wa fodya pali mtengo wa mango umene umawononga mizere, aliyense anawauza kuti audule, iwo anakana chifukwa mango ake ndi okoma. Chimene achilawa n'kuchikonda, nkhwangwa siichikhudza. Ndinaganiza kuti akangomwa kapu imodzi yophikidwa bwino, khofi uja apulumuka. Ndinawapempha achimwene kuti andidikire, ndibwera Loweruka la sabata yotsatira. Anati, "Tidikira. Koma mvula ikagwa, ine sindikudziwa."

Kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhalenso m'malo. Ndinatsitsa kathumba kaja, ndinakonola njere mumtondo pang'onopang'ono kuti makoko achoke, ndinapeta, ndinakazinga mufelempani pambaula. Zoyamba zinapserera. Zachiwiri zinatuluka bwino, zofiirira, nyumba yonse fungo. Ndinayesa kusinja mumtondo womwewo, kuti mwina bambo wa ku Lilongwe uja ankakokomeza. Sankakokomeza. Ndinalawa ndekha n'kutaya.

Ndiye kunayamba kufunafuna kachigayo. Bandulo yanga yonse ya pafoni inathera pa makanema a anthu akunja akupera khofi m'makhitchini owala. Ndinaphunzira kuti tizigayo timeneti tili pawiri. Kena kali ndi kampeni kozungulira, kamangowaza njere mwachisawawa. Kena kali ndi mano awiri achitsulo okhudzana, njere zimadutsa pakati pake n'kutuluka zofanana, ngati pamphero. Koyambako n'kotsika mtengo. Kachiwiriko, m'masitolo a ku Lilongwe, mtengo wake unandiseketsa ndekha m'minibasi. Ndinkati ndikaona mitambo yakwera chakum'mawa, kumapiri kwathu, choko chinkandigwa m'manja.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachisilamu, wachikulire, amene amagulitsa zamagetsi zakaunjika kuseri kwa msika wa Mponela: maayironi, maketulo, mawailesi opanda zivindikiro. Nditalongosola, analowa mkati n'kutuluka ndi tiwiri, tonse tafumbi.

"Amayi, tengani aka," anatero akuloza ka kampeni. "Aka n'ka pabanja. Mtedza kagaya, tsabola kagaya, soya wa phala la mwana kagaya. Kameneko n'kodzikonda, kamadziwa khofi yekha."

Ndinayima pamenepo nthawi yaitali, kunyamula aka, kuika, kunyamula ako. Nzeru inkati ka kampeni, ndipo ndinkamva kale mawu a bambo a kunyumba akufunsa kuti chinthu cha ntchito imodzi ndachigulira chiyani. Ndinatsegula chivindikiro cha kachiwiriko, ndinagwira manowo ndi chala, anali akadali akuthwa. Pambali panali kachozungulira kosinthira, kuti ufune wosalala kapena wa misere. Tinakalumikiza kumagetsi, kanalira bwino osatsokomola. Ndinati, ka pabanja kakhale, ine ndili ndi mlandu umodzi wokha. Tinanenerera mpaka tinagwirizana. Akukakulunga m'nyuzipepala, bamboyo anandichenjeza kuti chamafuta chilichonse chisalowemo.

Madzulo amenewo ndinapera njere zodzadza dzanja. Zinatuluka zofanana ngati mchenga wosefa. Ndinathira madzi otentha, ndinasefa pa kansalu koyera, ndinalawa. Anali yemwe uja! Ndinavina m'khitchini ndekha. Phokoso la kachigayoko linakopa amayi a paneba, anabwera kudzaona, anagwira pakamwa, n'kumati sayansi yafika patali. Ine ndi kunyada kwanga ndinawaonetsa mmene kamagwirira ntchito.

Lachinayi, kutangotsala pang'ono kuti ndinyamuke, paneba pomwepo panagwa zovuta. Apongozi awo a amayi aja anatisiya m'mawa, ine ndili kusukulu. Kwathu kuno maliro akagwa, amayi a mumphakati amayenda nyumba ndi nyumba kutolera miphika, zidebe, mbale, mipando, chilichonse chothandiza. Safunsa kawiri, ndipo palibe amene amakaniza. Munthu wokaniza chinthu pamaliro, ake akadzagwa adzaphika yekha. Anthu anali ochuluka, ndiwo zinali masamba otendera, mtedza wosasinja unali chidebe chathunthu. Wina anakumbukira kuti kwa aphunzitsi kuli chigayo.

Bambo a kunyumba anapereka. Akanatani?

Ndinapita kumaliro nditavala chitenje, ndinalowa m'nyumba ya siwa, ndinalira nawo, osadziwa kanthu. Potuluka, pamalo ophikira, ndinaona kachigayo kanga kali pampando, kachingwe kake kakulendewera. Mayi wina anandinong'oneza kuti kanagwira pang'ono, kenako kanayamba kulira mwachilendo, kenako utsi. Ndinatsegula. Mkati monse munali chiponde, phaa, mpaka m'mano.

Ndikanakhala kwina ndikanagubuduza miphika. Koma pamaliro ungakalipire ndani? Anamfedwa ali apo, maso atatupa. Ndinameza, ndinati palibe kanthu amayi, zimachitika, n'kukabisa m'chitenje. Mkwiyo wonse unakagwera bambo a kunyumba. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unatha, kenako anati, "Amayi, mukanakhalapo inuyo mukanakaniza?" Ndinamenyetsa chitseko.

Bambo wa kumsika uja atakaona anagwedeza mutu osanena kuti ndinakuuzani, ndipo ndimamulemekezabe chifukwa cha zimenezo. Anakamasula, anakokota chiponde ndi kawaya, anatsuka mano ndi kamswachi. Koma mkati munapsa kachipangizo kena, kofunika kuyitanitsa ku Lilongwe. Loweruka lija linadutsa ine ndili ku Mponela. Ndinaganiza zopita ndi wosinja mumtondo, koma abambo akanalavula kachiwiri nkhani ikanatheratu. Ndinaimbira achimwene kuti andipatsenso sabata. Anati amva. Kuyankha kwake sikunandisangalatse.

Sabata imeneyo kunatentha moipa. Ndikaweruka ndinkadzera kumsika, bamboyo akandionera patali ankangokweza dzanja kuti kachipangizo kaja sikanafike. Lachiwiri masana, ndili pabwalo la sukulu, ndinaona kum'mawa kwada bii, mphezi ikung'anima pamwamba pa mapiri. Kuno sikunagwe ngakhale dontho. Ndinaimbira achimwene foni, sinalowe. Ndinaimbanso, sinalowe. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mvula yoyamba imangozimitsa lupsa, palibe amene amadzala nayo.

Kachigayo kanachira Lachisanu. Tinagayamo mpunga wouma kangapo kuti fungo la mtedza lichoke, mpaka ufa wake unatuluka woyera. Foni ya achimwene inalowa tsiku lomwelo. Ndisanamalize kunena kuti mawa ndikubwera, anati ndisavutike, abambo akutsika okha, ali ndi zogula ku Mponela. Ndinakondwa. Ndinati kuno kuli magetsi, adzamwa wopera pomwepo, fungo lisanathawe.

Anafika dzuwa litakwera, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, wakabaza akuwatsatira ndi thumba lalikulu lomanga kukamwa. Ndinagwada, ndinalandira thumbalo, linali lolemera, ndinalikokera m'khitchini osatsegula, pakuti mphatso satsegulira pamaso pa mlendo. Atakhala pansi anakonza kukhosi kuti ayambe malonje. Abambo sadumpha malonje. Amayamba ndi mmene anadzukira, anthu amene awasiya, njira yonse, mpaka pampando pamene akhalapo.

"Malonje adikire, abambo," ndinatero. "Imwani kaye."

Anandiyang'ana, n'kuvomera msanga. Kuvomera msangako ndikanakudabwa, koma mutu wanga unali pa ketulo.

Ndinapera, ndinathira, ndinasefa. Shuga ndinabisa. Anagwira kapu ndi manja awiri, ananunkhiza, anapsontha pang'ono, nkhope inakwinyika. Mtima wanga unati phwii. Koma sanalavule. Anapsonthanso. Anayang'ana m'kapumo.

"Ameneyu ndi wa kwathu?"

"Wa m'munda mwanu, abambo. Wa m'kathumba kaja."

Anamwa mpaka pansi. Kenako anati ndiwaonetse chimene chaperacho. Ndinabweretsa kachigayo, ndinapera iwo akuona, anatapa ufawo n'kuufikisa pakati pa zala, n'kuununkhiza nthawi yaitali. Anapempha kapu ina, yokhala ndi shuga pang'ono, pang'ono pokha. Abambo anga, kunena kuti shuga pang'ono! Ndinkafuna kulira ndi chimwemwe. Ndinakhala pamkeka pafupi ndi mapazi awo n'kuyamba mawu amene ndinawakonza masabata onsewo, kuti aganyu othyola ndidzalipira ndine, kuti soya angadzale kudimba.

Anakweza dzanja. "Mwana wanga, ndamwa. Tsopano undilole malonje."

Anayamba. Anadzuka bwino. Achimwene ndi alamu ali bwino, ana ali bwino, kupatula wamng'ono amene akutsokomola. Mbuzi yaswa. Mvula inagwa Lachiwiri, yamphamvu, nthaka inafewa mpaka pansi. Lachitatu achimwene anabwera ndi aganyu, pakuti nthaka ikafewa ndi pamene zitsa zimazuka.

"Khofi uja tinazula."

"Yense?"

"Yense."

Sindikumbukira bwino zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinayimirira pamaso pa abambo anga, chinthu chimene sindinachitepo, n'kumafunsa kuti bwanji osandiuza pafoni, bwanji kundisiya ndikuvutika ndi ketulo ngati wopusa. Anati nkhani yotere sanenera pafoni, ndipo sanenera pakhomo pa mwana usanalandire chimene wakukonzera. Anatsika phiri kuti ndiimve kuchokera pakamwa pawo, osati pa achimwene.

Ndinakhalanso pansi. Iwo ankazunguza kapu yopanda kanthu m'manja.

"Zaka zonsezi," anatero, "ine ndinkati ndikulima mankhwala." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Watsala wochuluka bwanji?"

Ndinawaonetsa chitini. Njere zinali zitangophimba pansi. Anayang'anamo, n'kuchitseka okha, n'kuchikankhira kwa ine.

Ndinalowa m'khitchini kuti asandione nkhope. Thumba lija linali pomwe ndinalisiya. Ndinamasula chingwe, ndikuyesa mbatata kapena chinangwa. Zinali nkhuni, zodula mofanana, zazifupi kuti zikwane pambaula yanga. Pa nthambi ina panali patatsalira masamba awiri obiriwira, onyezimira, amene ndikanawazindikira ngakhale mumdima.

Abambo anamva kuti ndatsegula. Analankhula ali pabalaza pomwepo, mawu ali pansi.

"Uziyanike kaye, mwana wanga. Zikadali zaziwisi."