Tsiku Limene Bambo Anaimirira ku Khonsolo

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamva koyamba mawu a bambo anga akutuluka pa chimkuzamawu. Ndinacheuka uku ndi uku, kuganiza kuti mwina akulankhula ndi munthu wina.

Tinkakhala ku Romford, m'kanyumba ka njerwa zofiira kuseri kwa msewu waukulu wa mabasi. Ine ndinabwera ku London ndili wamng'ono, kuchokera ku Zomba. Mayi anali namwino pa chipatala chachikulu cha m'deralo. Bambo, a Kamwendo, ankagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Anali munthu wofatsa kwambiri. Wina akawaponda phazi m'basi, opepesa ankakhala iwowo. Foni ya kukhonsolo kapena ya amagetsi ikalira ankandipatsira ine, ati Chingerezi changa ndi chimene azungu amamva msanga. Ndinkawakonda, koma ndinkawaona ngati munthu woyenda monyang'ama m'dziko la eni.

Mpingo wathu unali wa Amalawi ndi Azambia. Tinkapemphera mu holo ya lendi imene inabisika kumapeto kwa kanjira kopapatiza, pakati pa malo otsukira magalimoto ndi shopu ya matayala. Mlendo sakanaipeza yekha. Choncho bambo anapala thabwa lalikulu n'kulimangirira pa mpanda wachitsulo m'mbali mwa msewu, ndipo ntchito yolemba zilembo anandipatsa ine, chifukwa kusukulu ndinkakhoza kujambula. Ndinalipaka utoto wabuluu, ndinajambulapo nkhunda yoyera, kenako dzina la mpingo. Ndikakwera basi yosanja ndinkakhala dala pamwamba, kutsogolo, kuti tikamadutsa ndilione. Mu London monsemo, chinthu chokha chimene ndikanaloza n'kunena kuti ichi ndinapanga ndine chinali chikwangwani chimenecho.

Tsidya lina la msewu kunali shopu ya mzungu wina wachikulire, a Terry, yogulitsa mbedza, nyambo ndi nsapato za mphira. Chilimwe chimenecho tinamva kuti a Terry ayamba kugulitsanso mfuti, za alenje ndi za anthu amasewera owombera chandamale. Tinamvanso kuti apempha khonsolo kuti aimike chikwangwani chachitali chowala ndi magetsi, chokhala ndi chithunzi cha mfuti, moyang'ana msewu umene ana a sukulu yathu ankadutsa m'mawa uliwonse.

Lamlungu limenelo, mapemphero atatha, nkhani inali yomweyo. Amene anakwiya kwambiri anali Amai Zulu, mayi wamkulu wa ku Lusaka, mtsogoleri wa amayi mumpingo.

"Manje ise tinabwela kuno ati kulibe mfuti," anatero akumenya tebulo. "Nanga ivi ni vichani?"

Onse anagwirizana kuti pamsonkhano wa khonsolo pakalankhule munthu mmodzi woimira mpingo. Abusa anali atapita kumudzi kumaliro. Mayina atayamba kutchulidwa, uyu anati ali pa shifiti, uyo anati mapepala ake akadali kuboma ndiye safuna kuonekera. Kenako bambo, amene anali kumbuyo akupinda mipando, anati, "Ndipita ine."

Mayi anawayang'ana nthawi yaitali. "Bambo a Thoko, mukalankhula inuyo?"

"Ndikalankhula."

Msonkhanowo unali wa madzulo, koma dzuwa la chilimwe la kuno limachedwa kulowa, moti tinafika kukuwalabe ngati masana. Ndinali ndisanalowepo m'nyumba ya khonsolo. Masitepe ake anali amwala, otakasuka moti banja lonse likanakwera litagwirana manja. M'makoma munali zithunzi za akuluakulu akale atavala maunyolo agolide m'khosi. Chipinda cha msonkhano chinkanunkhira polishi ndi matabwa akale. Mipando ya makhansala inazungulira ngati mwezi wosakwanira, ndipo patsogolo pa aliyense panali maikolofoni yokhala ndi kanyali kofiira kamene kankayaka munthu akamalankhula. Ife anthu wamba anatikweza m'mwamba, kumene tinkaonera zonse ngati tili pa khonde. Ndinapezeka ndikunong'ona popanda wondiuza. Bambo anawakhazika pansi, pa benchi ya olankhula, ndipo mu suti yawo yotuwa ya kutchalitchi ankaoneka ochepa zedi.

Wapampando anali mayi wa imvi, wa mawu otsika. Anayamba ndi kunena chinthu chimene chinatifoola tonse. Anati chilolezo chogulitsa mfuti amapereka ndi apolisi, osati khonsolo, ndipo chimene iwo akanagamula tsiku limenelo chinali cha chikwangwani chokha, komanso ngati malamulo a zikwangwani za mumsewu umenewo akhwimitsidwe. M'mwamba mwathu munamveka kung'ung'udza. Amai Zulu anatsonya mokweza moti mlonda anacheuka.

Kenako mtsutso unayamba, ndipo ine ndinaiwala ngakhale maswiti amene mayi anandipatsa. Khansala wina wamtali, wadazi, anati mashopu akutsekedwa mumsewumo imodziimodzi, ndipo munthu amene malamulo amulola kugulitsa katundu aloledwenso kuuza anthu chimene akugulitsa. Khansala wina, mayi wachimwenye, anati msewuwo wadzaza kale ndi zikwangwani ngati mpanda wa pamsika, madalaivala sakuona bwino ana akamawoloka, choncho zonse zopanda chilolezo zichoke ndipo zazikulu zowala zisaloledwe. Anatsutsana mpaka nkhope kufiira. Chimene chinandizizwitsa n'chakuti palibe anadula mnzake pakamwa. Aliyense ankadikira kanyali kake kayake, n'kuyamba ndi kulemekeza wapampando, kenako n'kumubaya mnzakeyo ndi mawu akuthwa. Sindinkadziwa kuti anthu angathe kukangana chotero popanda kutukwanana.

A Terry ataitanidwa, ndinkayembekeza kuona munthu woopsa. Koma panaimirira nkhalamba itagwira kapusi m'manja. Anati shopuyo anaitsegula ndi bambo awo, ndipo masiku ano anthu akugula mbedza pa intaneti, mwakuti popanda malonda atsopanowa atseka. Anati mfutizo zidzakhala zokhomedwa m'bokosi lachitsulo, ndipo sadzagulitsa kwa munthu wopanda laisensi. "Ine si chigawenga," anatero. Ndinadabwa kupeza kuti ndikuwamvera chisoni.

Ndiye wapampando anaitana dzina la bambo, molitchula molakwika. Bambo anaimirira, anakonza jekete, n'kuyandikira maikolofoni. Kanyali kofiira kanayaka.

Analankhula Chingerezi chawo chomwe chija cha ku Zomba, pang'onopang'ono, osachibisa. Koma mawu awo anadzaza chipinda chonse, olemera, osagwedezeka. Anati anali ndi mng'ono wawo dzina lake Yohane, amene anapita ku Joni kukagwira ntchito m'kashopu. Tsiku lina masana kunalowa mnyamata wa msinkhu wa pasukulu atagwira mfuti, ndipo Yohane sanafike kuchipatala. Bambo ndi amene anapita kukatenga mtembo. Anauperekeza pamsewu kudutsa m'mayiko a eni, bokosi lili m'ngolo yokokedwa ndi basi, iwo akutsika pamalire aliwonse pamene asilikali ankafuna kuona bokosilo, mpaka kukautula pamaso pa mayi awo.

Dzina la Yohane ndinkalidziwa, chifukwa chithunzi chake chinali pabalaza pathu. Ndinkangodziwa kuti anamwalira. Zimene bambo ananyamula mumtima zaka zonsezo, akundiperekeza kusukulu, akupepesa anthu m'basi, ndinazimvera limodzi ndi alendo m'chipinda chimenecho. Ndinayang'ana mayi. Misozi inkatsika, koma sanaipukute.

"Sindinabwere kudzanena kuti a Terry ndi munthu woipa," anatero bambo. "Ndimawadziwa, timapatsana moni. Ndamva kuti za mfutizo si zanu kugamula, ndavomera. Ndikungopempha kuti mwana akamapita kusukulu asazolowere kuona mfuti ikuwala pamwamba pake ngati chinthu chokoma. Mnyamata amene anapha mng'ono wanga anayamba ndi kuisirira."

Amene ankalemba za msonkhano anasiya kulemba.

Khansala wadazi uja anapempha kufunsa funso. Sanafunse mwachipongwe ayi. Anati, "Bambo Kamwendo, pa mpanda moyang'anana ndi shopuyo pali thabwa labuluu la mpingo. Ndikukhulupirira kuti ndi la mpingo wanu, ndipo lilibe chilolezo. Tikavomereza lamulo limene mukulichirikizali, nalonso lichoka. Kodi mukulifunabe?"

Amai Zulu anandigwira bondo mwamphamvu. Yankho ndinali nalo pakamwa, ndipo ndinkafuna kulikuwa kuchokera m'mwambamo: nkhunda ndi mfuti si zofanana! Ndinkadziwa kuti bambo anena zomwezo. Iwo anakweza maso, anafufuza pakati pathu mpaka anandipeza, ndipo anandiyang'ana kanthawi. Kenako anabwerera ku maikolofoni.

"Inde, ndi lathu. Analemba ndi mwana wanga. Ngati lamulo lake ndi limenelo, ndikalichotsa ndekha."

Makhansala anavota pokweza manja. Chikwangwani cha a Terry chinakanidwa, ndipo lamulo la zikwangwani linadutsa. Mfuti zinali zoti zigulitsidwabe.

Titangotuluka panja, Amai Zulu anawaimirira bambo kutsogolo. "Ba Kamwendo, mwagulisa chechi! Mfuti zizagulisiwa, sayini yatu yayenda. Manje tawina chani?" Bambo anangowerama pang'ono mwaulemu.

M'basi ndinakhala pawindo, nkhope nditalozetsa kunja. Bambo atandifunsa ngati ndakwiya, ndinawayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikafuna kuwakhumudwitsa. Ndinati si chilungamo, chikwangwani changa sichinalakwire munthu. Iwo anayankha m'Chichewa.

"Zoona, sichinalakwe. Koma Thoko, ndikanati lamulo ligwire a Terry okha, ife litisiye, ndiye kuti sindinapemphe lamulo. Ndinapempha ndodo yomenyera mnzanga."

Loweruka m'mawa tinapita kukalichotsa. Zomangira zake zinali zitachita dzimbiri ndi mvula ya kuno, ndipo sikuludiraiva ya bambo inkangoterereka. Ine ndinagwirizira thabwalo ndikulira mwakachetechete. Tili choncho, ndinaona a Terry akuwoloka msewu atanyamula chida chamagetsi chomasulira. Ndinaganiza kuti abwera kudzatiseka. Anafika, anagwada pafupi ndi bambo, n'kuyamba kumasula. Amuna awiriwo anagwira ntchito limodzi mpaka thabwalo linachoka.

"Pepani za mng'ono wanu," anatero a Terry akudzuka movutikira.

"Pepaninso za chikwangwani chanu," anayankha bambo. Anagwirana chanza, ndipo aliyense anabwerera mbali yake ya msewu.

M'mawa mwake, Lamlungu, titafika pa kanjira kolowera ku holo, bambo anatiuza kuti tizipita, atipeza. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha, iwo osalowa. Ndinatuluka kukawafuna. Ndinawapeza ataima pamalo penipeni pamene panali thabwa paja, mu suti yawo, Baibulo kukhwapa. Basi ikaima, ankayang'ana otsika, ndipo akaona munthu akucheukacheuka ngati wosochera ankamuyandikira n'kumufunsa ngati akufuna kutchalitchi, kenako n'kumulozera njira.

Ndinaganiza kuti n'za tsiku limodzi. Koma Lamlungu lotsatira anaimanso, ndi linzakenso. Masamba anayoyoka m'mitengo, mvula yozizira inayamba, kenako chisanu chija choumitsa zala, iwo ali pomwepo ndi ambulera. Akachokera ku shifiti ya usiku, maso akulemera ndi tulo, ankangosintha zovala n'kupita kukaima. Bambo ankakonda nyimbo zotsegulira mapemphero kuposa china chilichonse, koma nyengo yonseyo ankazimvera patali, zikutulukira pa mazenera. Ena mumpingo anakhala masabata osawapatsa moni. M'mawa wina wa chisanu choopsa ndinaona Amai Zulu akutuluka mu holo ndi fulasiki ya tiyi. Anakawapatsa bambo, anaima nawo pang'ono akuyang'ana mabasi, n'kubwerera. Bambo anasiya kuima pamenepo chaka chotsatira, mpingo utasamukira ku holo ina yoonekera pamsewu.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndakhalapo pa misonkhano yambiri, ya kusukulu ya ana anga, ya kuntchito, ya mumpingo. Ndaona kuti tonse timadziwa kufuula kuti pakhale lamulo tikamaganiza kuti likagwera mnzathu. Likatembenuka n'kuloza pakhomo pathu, timayamba kufotokoza chifukwa chake ifeyo ndife osiyana, ndipo nthawi zambiri zifukwazo zimakhala zomveka, monga zinalili zanga. Bambo anali ndi chifukwa chomveka kuposa tonse, koma sanachigwiritse ntchito. Anavomera kuti lamulo liwalume, ndipo pamene linasiya bala mumpingo, sanauze wina kuti akapoletse. Anapita okha kukaima m'chisanu. Ndikafuna kudziwa ngati ndikukhulupiriradi chinthu chimene ndikuchimenyera, ndimadzifunsa ngati ndingathe kuima pa msewu nyengo yonse yozizira chifukwa cha icho. Kawirikawiri ndimapeza kuti sindinafikepo.